Khungu lanu lili ndi asilikali ake, musawathamangitse ndi mafuta a m'botolo

Ngati muli ndi foni yolowa pa intaneti, malonda awa mwawaonapo. Pa status ya WhatsApp, m'magulu a Facebook, ngakhale pa TikTok: kabotolo kokongola, chithunzi cha munthu asanayambe kudzola ndi china atadzola, kenako nambala yoti mutumizeko ndalama. Lonjezo limakhala lomwelo nthawi zonse, lakuti pakangotha masabata awiri muwala, ziphuphu zitha, madontho akuda afufutika. Ogula alipo ambiri, atsikana ndi anyamata omwe, ndipo ena mwa iwo ndi anzanga apamtima.

Sindikufuna kuweruza munthu. Tonse timafuna kuoneka bwino, ndipo amene anakula akusekedwa chifukwa cha kuda amadziwa yekha ululu wake. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambirife timaona khungu ngati penti ya pakhoma, yoti ukatopa nayo ungopala n'kupakapo ina. Chonsecho khungu ndi chiwalo chamoyo, chachikulu kuposa ziwalo zonse za thupi. Mutati mutambasule la munthu wamkulu ngati mphasa, lingakwane masikweya mita 1.5 mpaka 2. M'kati mwake muli maselo omwe ntchito yawo ndi nkhondo basi, usana ndi usiku. Mukadziwa mmene asilikali amenewa amagwirira ntchito, mudzayamba kufunsa kawiri musanatsegule botolo lomwe simukudziwa amene analisakaniza.

Khoma lomwe limadzimanga lokha

Khungu lili ndi zigawo zitatu. Pansi penipeni pali mafuta osunga kutentha kwa thupi. Pakati pali gawo lokhuthala lomwe madokotala amati dermis. M'menemo ndi momwe muli mitsempha ya magazi, mizu ya tsitsi ndi ubweya, timatumba totulutsa thukuta ndi mafuta, komanso ulusi wa collagen womwe umalimbitsa khungu. Pamwamba pali epidermis, gawo lomwe mumaliona pagalasi. N'lopyapyala kwabasi: pachikope ndi lopyapyala ngati pepala, pomwe kuphazi ndi m'zikhatho limatha kupitirira milimita imodzi. Mulibemo mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake mukakandika pang'ono ndi kamtengo pamangotuwa osatuluka magazi.

Maselo ambiri a epidermis, pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse, amatchedwa keratinocytes. Amabadwira pansi pa gawoli, ndipo atsopano akamabadwa amakankhira akale m'mwamba. Pa ulendowu selo limadzidzaza ndi puloteni yolimba yotchedwa keratin, yomweyo imene imapanga tsitsi, zikhadabo ndi chikamba cha nyanga ya ng'ombe. Likamayandikira pamwamba limaphwatalala, limataya phata lake lomwe mumakhala DNA, kenako limafa. Ulendo wonsewu umatenga mwezi umodzi kapena kupitirirapo pang'ono.

Ndiye kuti mukasisita tsaya lanu, mukukhudza maselo akufa osanjikizana mizere pafupifupi 15 mpaka 20. Akufawo ndiye khoma lenileni. Akatswiri amawayerekeza ndi njerwa, ndipo pakati pa njerwazo pali matope omangira opangidwa ndi mafuta apadera monga ceramides ndi cholesterol. Khoma limeneli limaonetsetsa kuti madzi a m'thupi asatuluke komanso tizilombo tisalowe. Munthu amene wapsa ndi moto gawo lalikulu la thupi amakhala pangozi ziwiri zomwezi, kutha madzi m'thupi ndi kulowedwa ndi tizilombo, chifukwa khoma lagwa.

Lija timati litsiro, lomwe limapotana ngati tinyongolotsi mukamadzikhula posamba, mbali yake yaikulu ndi maselo akufawa atasakanikirana ndi thukuta, mafuta ndi fumbi. Amayoyoka okha tsiku ndi tsiku. Ambirife tinaleredwa ndi amayi kapena agogo okhulupirira kuti mwana sanasambe ngati chinkhupule sichinamulize. Kusamba n'kofunika ndithu, koma kukhula mpaka khungu kuwawa n'kugumula matope a pakati pa njerwa. Mu June ndi July mpweya ukauma, madzi amathawa mosavuta pakhoma loterolo, ndiye kutuwa kuja, milomo kung'ambika ndi ming'alu kuphazi. Apa agogo anali ndi mankhwala olondola: Vaseline amatseka mipata kuti madzi asathawe, pomwe glycerine amakoka chinyezi n'kuchisunga pakhungu.

Asidi, thukuta ndi anansi osaoneka ndi maso

Pamwamba pa khomalo pamakhala kachinyezi ka asidi wofooka. Pa sikelo ya pH, pomwe madzi oyera ali pa 7, khungu labwino limakhala cha m'ma 5. Mabakiteriya ambiri oyambitsa matenda sakula bwino pamalo otere. Sopo wochapira zovala ali mbali inayo ya sikelo, cha m'ma 9 kapena 10 ngakhale kuposa. Mukamusamba kamodzi, khungu limabwezeretsa asidi wake pakapita maola angapo. Koma kumusamba kumaso katatu patsiku pofuna kuumitsa ziphuphu n'kulimana khungu mpata wopuma.

Maselo amoyo a pansi pa khoma nawo sangokhala. Akamva kuti pafika tizilombo amatulutsa timapuloteni totchedwa defensins ndi cathelicidin, tomwe timaboola chikopa cha bakiteriya mpaka kufa. Thukuta nalo lili ndi chida chake. Mu 2001 ofufuza a ku Tübingen m'dziko la Germany anapeza kuti timatumba ta thukuta timatulutsa puloteni yopha tizilombo yomwe anaipatsa dzina loti dermcidin. Thukuta lomwe timachita nalo manyazi m'minibasi lija limagwiranso ntchito ya ulonda.

Chinanso, pakhungu panu simukhala nokha. Pali mabakiteriya ndi mafangasi ambirimbiri omwe ndi nzika zokhazikika. Staphylococcus epidermidis amadzaza malo kuti oipa asowe pokhala, ndipo mitundu ina ya iye imatulutsa mankhwala olimbana ndi msuweni wake woopsa, Staphylococcus aureus, yemwe amayambitsa zithupsa. Cutibacterium acnes amakhala m'timabowo ta ubweya n'kumadya mafuta a khungu. Aliyense ali naye, ngakhale uja wa nkhope yosalala ngati dzira. Amathandizira kubweretsa ziphuphu pokhapokha kabowo katatsekeka ndi mafuta ochuluka ndi maselo akufa, zomwe zimachitika kwambiri mahomoni akasintha pa unyamata. Choncho ziphuphu sizitanthauza kuti munthu sasamba, ndipo kudzola mankhwala ophera tizilombo tsiku lililonse kumathamangitsa anansi abwino pamodzi ndi oipa.

Alonda a pachipata

Tsono bwanji khoma likabooka? Mu 1868 mnyamata wina yemwe ankaphunzira udokotala ku Berlin, dzina lake Paul Langerhans, anayang'ana khungu pa maikulosikopu n'kuona maselo okhala ndi timanja tambiri ngati mizu ya mtengo, atatambasuka pakati pa keratinocytes. Iye anaganiza kuti ndi maselo a minyewa. Panadutsa zaka zoposa 100 asayansi asanatsimikize kuti ndi maselo a chitetezo cha m'thupi, koma dzina lake linakhalabe: mpaka lero amatchedwa maselo a Langerhans. Ndi ochepa, pafupifupi 2 mpaka 4 pa maselo 100 aliwonse a epidermis, koma timanja tawo timafika ponseponse ngati ukonde.

Ntchito yawo ili ngati ya mlonda amene wagwirana ndi wakuba, n'kumung'amba kansalu ka malaya, kenako n'kuthamangira nako kupolisi kuti, "Funani munthu wovala izi." Selo la Langerhans, pamodzi ndi anzake ofanana nalo a mu dermis, limameza kachidutswa ka kachilombo, limachoka pakhungu, n'kuyenda m'timitsempha ta madzi oyera a m'thupi mpaka pa kachotupa kapafupi ka m'khwapa, m'khosi kapena m'mphechepeche. Kumeneko limaonetsa kachidutswako kwa maselo otchedwa T. Selo la T lomwe lazindikira mdaniyo limachulukana mofulumira, ndipo gulu lonselo limanyamuka kupita pomwe pali vuto.

Izi mwazimvapo m'thupi mwanu. Mukakhala ndi bala kuphazi, m'mphechepeche mumatupa mwanabere. Si matenda atsopano ayi, ndi polisi yomwe yadzaza ndi asilikali okonzekera. Bala likapola, mwanabere amaphwa yekha. Koma wotupa kwa masabata angapo popanda bala lililonse, wolimba, makamaka ngati munthu akuonda kapena kutuluka thukuta usiku, ameneyo ngofunika kuti akamuone achipatala.

Nkhondo ikatha, ena mwa maselo a T sabwerera. Amamanga msasa pakhungu pomwepo n'kumakumbukira mdaniyo kwa zaka. Mu 2006 Rachael Clark ndi anzake ku Boston anawerengera kuti khungu la munthu wamkulu lili ndi maselo a T okwana pafupifupi 20 biliyoni, pafupifupi kuwirikiza kawiri omwe amayenda m'magazi. Tikamakamba za chitetezo cha m'thupi timathamangira kuganiza za magazi, pomwe gulu lalikulu chotere lili panja pomwepa.

Kukumbukira kumeneku nthawi zina kumatipweteka. Ndolo zotchipa, chitsulo cha lamba kapena kuseri kwa wotchi nthawi zambiri kumakhala chitsulo cha nickel. Dayi wakuda wa tsitsi ndi ndevu nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala otchedwa PPD. Kwa anthu ena alonda amalemba zinthu zimenezi m'kaundula wa adani. Koyamba simuona kanthu. Ulendo wina, pakangopita tsiku limodzi mpaka atatu, khutu layabwa, lachita matuza, kapena chipumi chonse chatupa. Thupi likangolemba chinthu m'kaundula ameneyu silifufuta wamba, choncho mankhwala enieni n'kuchisiya chinthucho.

Chipsera cha pamkono chija

Pindani dzanja la malaya muyang'ane kumtunda kwa mkono, cha kuphewa. Ambirife tili ndi kachipsera kozungulira komwe tinakapeza tili makanda. Ndi ka katemera wa BCG, woteteza ana ku mitundu yoopsa ya TB, yemwe anapangidwa ku France ndi Albert Calmette ndi Camille Guérin n'kuperekedwa koyamba kwa munthu mu 1921. Akatemera ambiri amabayidwa mumnofu, koma BCG amabayidwa m'kati mwa khungu lenilenilo, pomwe pali alonda ambiri. Pakapita masabata angapo pamatuluka kachotupa, kamaphulika, kamauma, n'kusiya chipsera. Amayi achitsikana, musakafinye kapena kupakapo kanthu. Ndi kalasi yomwe asilikali a mwana akuphunziramo.

Pa nkhani ya BCG dziko lathu linaphunzitsako dziko lonse lapansi. Kafukufuku wamkulu wa ku Karonga, yemwe likulu lake linali ku Chilumba, anatsatira anthu oposa 120,000. Zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 1996 zinaonetsa kuti kubaya BCG kachiwiri kunachepetsa khate pafupifupi ndi theka, ngakhale sikunathandize pa TB ya m'mapapo. Tizilombo ta khate ndi ta TB ndi pachibale, ndiye asilikali ophunzitsidwa kuzindikira wina amathanso kumudziwa mnzakeyo.

Mukadzicheka ndi mpeni

Tiyerekeze kuti mwadzicheka chala mukudula anyezi. M'mphindi zochepa magazi amaundana n'kutseka bala, ndipo pambuyo pake pamauma nkhanambo. Maselo a mu dermis otchedwa mast amatulutsa histamine, yemwe amatakasa timitsempha ta magazi kuti thandizo lidutse msanga. Ndiye kufiira, kutentha, kutupa ndi kuwawa kuja. Histamine yemweyu ndi amene amachititsa kuti pomwe paluma udzudzu patupe ndi kuyabwa: thupi likulimbana ndi malovu omwe udzudzu wasiya.

Oyamba kufika ndi maselo oyera a m'magazi otchedwa neutrophils. Amameza mabakiteriya n'kufera pomwepo. Mafinya omwe timanyansidwa nawo aja, mbali yaikulu ndi mitembo ya asilikali amenewa pamodzi ndi adani omwe awapha. Kenako kumabwera macrophages, maselo akuluakulu odya zinyalala, omwe amasesa pabwalo n'kuitana omanga. Amene muli ndi tatuu, ma macrophages ndiwo amakusungirani: amameza inki poganiza kuti ndi mdani, amalephera kuigaya, n'kukhala nayo pomwepo. Selo likafa, linzake limatola inki yomweyo.

Omanga aja amatchedwa fibroblasts, ndipo amaluka collagen watsopano pomwe keratinocytes akukwawa kuchokera m'mphepete mwa bala kudzafolera pamwamba. Kutong'ola nkhanambo n'kusasula denga omanga ali m'kati. Ndipo chipsera sichibwerera mwakale: ngakhale patapita chaka, mphamvu yake imafika pafupifupi 80 pa 100 poyerekeza ndi khungu lomwe silinavulalepo. Kwa ena omangawo sadziwa polekera, ndiye pamatuluka chipsera chotupa chomwe chimakula kupitirira bala, chomwe madokotala amati keloid. Chimapezeka kwambiri mwa anthu akhungu lakuda ndipo chimayenda m'magazi a pabanja. Ngati kwanu alipo amene ali nacho, ganizani kawiri musanaboole khutu kachiwiri kapena kujambulitsa tatuu pachifuwa.

Phunziro la mphere

Amene tinadutsa sukulu zogonera komweko tikudziwa mmene mphere zimayendera mu hositelo. Ine ndimakumbukira temu ina yomwe usiku unkangomveka phokoso la kukanda, bedi ndi bedi, ndipo aliyense ankabisa manja m'matumba poopa kutchedwa wauve. Mphere zimayamba ndi kachilombo kakang'ono kwambiri kotchedwa Sarcoptes scabiei, komwe kamakumba ngalande m'khoma la maselo akufa lija n'kuikiramo mazira. Sikasankha wosamba kapena wosasamba. Kamangofuna khungu likhudzane ndi khungu, kapena kubwerekana zofunda ndi zovala.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wodwala mphere nthawi zambiri amakhala ndi tizilombo 10 mpaka 15 basi thupi lonse. Nanga kuyabwa konse kuja? Ndi asilikali anu omwe akulimbana ndi tizilomboto, mazira ake ndi zonyansa zake. N'chifukwa chake munthu akagwidwa koyamba amatha masabata 4 mpaka 6 osamva kanthu, uku akupatsira ena, chifukwa alonda akadali kuphunzira nkhope ya mdani. Akagwidwa kachiwiri, kuyabwa kumayamba m'masiku ochepa chabe. Pa chifukwa chomwechi achipatala amati apake mankhwala onse a m'nyumba nthawi imodzi, ngakhale amene sakukanda, ndipo kuyabwa kumatha kupitirira kwa masabata angapo tizilombo titafa kale.

Kwa munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri, tizilomboto timachulukana kufika masauzande ngakhale mamiliyoni, khungu n'kuchita makwinya okhuthala. Apa mpomwe timaonera ntchito yomwe asilikali aja amagwira mwakachetechete. Khungu limaululanso msanga chitetezo chikatsika pa zifukwa zina. Mashingozi, mwachitsanzo, ndi kachilombo ka katsabola komwe kanabisala m'minyewa kuyambira ubwana n'kudzuka alonda atafooka. Wachinyamata akatuluka mashingozi, ndi nzeru kukayezetsa magazi. Bungwe la World Health Organization linaika mphere pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha mu 2017, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti zilonda zobwera ndi kukanda zimalowetsa mabakiteriya omwe amatha kuwononga impso.

Ambulera yomwe munabadwa nayo

Tsopano tifike pa mtundu wa khungu. Pansi pa epidermis pali maselo otchedwa melanocytes, omwe amapanga melanin. Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti munthu wakuda bii ndi mzungu ali ndi chiwerengero chofanana, kapena pafupifupi, cha maselo amenewa. Kusiyana kuli pa kuchuluka ndi mtundu wa melanin yemwe amapanga. Melanocyte imodzi imagawira timapaketi ta melanin kwa keratinocytes pafupifupi 30 mpaka 40 oyandikana nayo. Selo likalandira, limasanja timapaketito pamwamba pa phata lake ngati ambulera, kuti cheza cha dzuwa chotchedwa UV chisawononge DNA. DNA ikawonongeka mobwerezabwereza ndi pomwe khansa ya pakhungu imayambira. Cheza chomwechi chikachuluka chimachepetsanso maselo a Langerhans, ndiye ambulera ija imatetezanso alonda.

Kuti timvetse kufunika kwa melanin, tiganizire abale athu achialubino. Ma melanocytes ali nawo, koma amapanga melanin wochepa kwambiri kapena osapanga n'komwe, chifukwa cha chibadwa chochokera kwa bambo ndi mayi omwe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno. Kwa iwo dzuwa la October ndi mdani weniweni, ndipo khansa ya pakhungu imatenga ambiri akadali achinyamata. Chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa kwa iwo ndi mankhwala opulumutsa moyo. Ngati muli ndi mnzanu, mwana wa m'kalasi kapena wogwira naye ntchito wachialubino amene ali ndi chilonda chosapola, mulimbikitseni apite kuchipatala msanga. Pomwe ena akuvutika kupeza chitetezo chimenechi, enafe tikulipira ndalama kuti tichotse chomwe tinapatsidwa ulere.

Muli chiyani m'botolomo?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mafuta ambiri oyeretsa khungu omwe amagwira msanga amadalira chimodzi mwa zinthu zitatu, kapena zonse pamodzi.

Choyamba ndi hydroquinone, yemwe amatseka enzyme yotchedwa tyrosinase, yomwe melanocyte imagwiritsa ntchito popanga melanin. Madokotala a khungu amamugwiritsa ntchito pa madontho ena, kwa miyezi yowerengeka, akuyang'anira. Akadzoledwa kwa nthawi yaitali, makamaka munthu akuyenda padzuwa, amabweretsa zosiyana ndi zomwe analonjeza: masaya amachita zigamba zakuda mobiriwira zomwe n'zovuta kwambiri kuchotsa. Vutoli limatchedwa ochronosis, ndipo madokotala a ku South Africa analifotokoza mu 1975 ataliona mwa amayi omwe ankadzola mafuta oterewa. Dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Côte d'Ivoire, Ghana ndi Rwanda nawo anakhazikitsa malamulo oletsa mafuta oyeretsa khungu okhala ndi mankhwala oopsa.

Chachiwiri ndi mercury. Ameneyu amalowa pakhungu n'kuyenda m'magazi, ndipo amawononga impso ndi minyewa. Amafika kwa mwana amene ali m'mimba, ndipo amatsalira pa matawulo ndi zofunda zomwe banja lonse likugwiritsa ntchito. Mayiko omwe ali mu pangano la Minamata anagwirizana zothetsa zodzoladzola zokhala ndi mercury, koma malonda a mseri sanathe, ndipo wopanga salemba pabotolo kuti wathiramo.

Chachitatu, chomwe chikukhudza kwambiri nkhani yathu ya asilikali, ndi ma steroid amphamvu monga clobetasol ndi betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni a kuchipatala, othandiza kwambiri pa matenda omwe chitetezo cha khungu chapsa mtima mopitirira muyezo, monga eczema. Ntchito yawo ndi kugoneka asilikali. Amachepetsa maselo a Langerhans, amaletsa maselo a T, amafinya timitsempha ta magazi, n'chifukwa chake khungu limaoneka loyera ndi losalala m'masiku ochepa. Dokotala amawapereka kwa nthawi yochepa, pamalo odwala pokha. Tsono taganizani munthu akudzola thupi lonse, m'mawa ndi madzulo, kwa chaka.

Ma fibroblasts amasiya kuluka collagen wokwanira, khungu limapyapyala mpaka mitsempha kuonekera, ndipo m'khwapa ndi m'ntchafu mumang'ambika mizere ikuluikulu yosafufutika. Mabala amachedwa kupola. Nkhope imachita ziphuphu zofanana zambirimbiri. Chipere, chomwe ndi fangasi, chimapeza alonda ali mtulo n'kufalikira m'mphechepeche, m'mimba ndi kumaso, chitasintha maonekedwe moti ngakhale wachipatala amavutika kuchizindikira. Mphere nazo zimachita ufumu. Wodzolayo akasiya, khungu limatentha ndi kuyabwa, iye n'kuganiza kuti mafuta aja ndiwo ankamuthandiza, n'kubwereranso. Steroid wolowa m'magazi kwa nthawi yaitali amathanso kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Walira mvula walira matope, koma ambiri mwa ogula sauzidwa n'komwe kuti matope alipo.

Anyamata, musaganize kuti izi n'za atsikana okha. Kachubu kaja mumagula pa okala kapena pamsika kuti kathetse kuyabwa kwa m'mphechepeche, nthawi zambiri kamakhala kosakaniza steroid ndi mankhwala ena. Kuyabwa kumaleka lero, fangasi n'kumakula mwakachetechete.

Ndiye titani?

Khungu silifuna zambiri. Sambani ndi sopo wofatsa, osakhula mpaka kuwawa, ndipo dzolani mafuta wamba thupi likadali ndi kachinyezi. Ziphuphu musafinye. Kadontho kakuda kotsalira kaja ndi melanin yemwe ma melanocytes atulutsa chifukwa cha kutupa, ndipo mukafinya mumawonjezera kutupako. Madontho otere amazilala okha pang'onopang'ono, kwa miyezi, makamaka mukamapewa dzuwa lamasana ndi kudzola mafuta oteteza ku dzuwa, omwe amathandiza ngakhale ife akhungu lakuda. Popeza khoma limatenga mwezi kuti lisinthe njerwa zake, mankhwala aliwonse oona a ziphuphu amafuna masabata angapo kuti aonetse ntchito. Olonjeza zozizwitsa m'masiku atatu akuuzani kale kuti muli china chake m'botolomo.

Mwana akapsa ndi phala kapena madzi otentha, thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, n'kupita kuchipatala. Mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira zimangolowetsa tizilombo pomwe khoma lagwa kale. Bala lomwe likufiira mofalikira, likununkha, kapena labwera ndi kutentha thupi, komanso chilonda chomwe chatha mwezi osapola, musachisunge kunyumba.

Ngati mwakhala mukudzola mafuta oyeretsa kwa miyezi yambiri, musachite mantha ndipo musachite manyazi. Tembenuzani botolo kapena chubu muwerenge kuseri. Mukaona mawu monga clobetasol, betamethasone kapena hydroquinone, kapena ngati palibe chilichonse cholembedwa, litengeni mupite nalo kwa dokotala kapena kufamase yovomerezeka mukafotokoze mosabisa nthawi yomwe mwadzola. Amene wadzola steroid wamphamvu kwa nthawi yaitali amafunika kusiya pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumatha kudwalitsa. Zina monga mizere yong'ambika sizibwerera, koma alonda amabwerera pamalo awo ndipo khoma limayambanso kumangika.

Pomaliza, abale anga, msika wa mafuta amenewa umayambira pakhomo, pa mawu omwe timauza ana. Ambirife ndife azakhali, amalume, ena ndife makolo kale. Mwana amene amamva tsiku ndi tsiku kuti mng'ono wake woyera ndiye wokongola, akadzagwira ndalama yake yoyamba adzadziwa kokaipereka. Muuzeni mwanayo kuti wakongola akadali wamng'ono, ndipo akadzafunsa chifukwa chake ndi wakuda kuposa anzake, mufotokozereni za ambulera yomwe selo lililonse la khungu lake lanyamula.